Nyumba ya Zoseweretsa mu Mzinda wa Tokyo

 Nkhani ya lero icokera kutali ndithu, ku zisumbu za Japan, kum'mawa kwa Asia, ndipo inena za nyumba ina ya mu mzinda wa Tokyo kumene makolo amapita ndi ana ao kukasewera.

M'mizinda yaikuru ya dziko lapansi muli nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zodabwitsa, zochedwa myuziyamu, ndipo lamulo la nyumba zotere lidziwika bwino. Mlendo amaona ndi maso okha, manja ali kumbuyo. Zinthu zimakhala m'kati mwa magalasi, ndipo mlonda amayang'anitsitsa mwana aliyense wolowamo monga ngati wadza kudzaswa kanthu. Koma nyumba ya Tokyo Toy Museum inatembenuza lamulo limeneli. Ziripo zoseweretsa zina zakale zimene zimasungidwa m'magalasi, koma m'zipinda zambiri mwana amaloledwa kugwira, kunyamula, kukwera ndi kugubuduza kufikira atatopa. Pakuti coseweretsa cimene palibe wocigwira cifanana ndi ng'oma yopacikidwa kudenga, imene siimveka cinkana ikongole motani.

Mbiri ya nyumbayi iyamba m'caka ca 1984, pamene Tada Shinsaku, mphunzitsi wa zaluso za ana, anatsegula kanyumba ka zoseweretsa m'dera la Nakano, mu Tokyo momwemo. Iye ankaphunzitsa kuti coseweretsa ndico cinthu caluso coyamba cimene munthu amakumana naco m'moyo wace, ndi kuti cifukwa ca ici siciyenera kupeputsidwa. Kanyumbako kanagwira nchito yace zaka zoposa 20.

Pa nthawi yomweyo, m'dera la Yotsuya, pakati pa mzinda, munali sukulu ya ana ang'ono yomangidwa m'caka ca 1935. Nyumba yace inali yolimba, ndipo inapulumuka pa moto wa mabomba umene unatentha mbali yaikuru ya Tokyo m'caka ca 1945. Koma patapita zaka, ana a sukuluyo anayamba kucepa pang'ono pang'ono, kufikira m'caka ca 2007 zitseko zace zinatsekedwa. Bvuto limeneli si la ku Yotsuya kokha ai. M'caka ca 1973 ku Japan kunabadwa ana oposa 2,000,000, koma m'caka ca 2022 obadwa sanafike 800,000. Mwa anthu 10 alionse a dzikolo, pafupifupi 3 ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo, ndipo masukulu mazanamazana amatsekedwa caka ndi caka cifukwa ca kusowa ana.

Anthu okhala ku Yotsuya, amene ena a iwo anaphunzira m'sukulu yomweyo ali ana, sanafune kuiona itagwetsedwa kapena itakhala bwinja. Anaitana eni ace a kanyumba ka ku Nakano kuti asamukire m'zipinda zopanda anthuzo, ndipo Tada Chihiro, mwana wa Tada Shinsaku, anatsogolera nchito yosamukayo. Ndalama zokonzera nyumba zinali zambiri, ndipo anthu wamba anasonkha, yense monga anakhoza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Maina a osonkhawo analembedwa pa timatabwa tating'ono timene tinaikidwa pa khoma. M'mwezi wa April, caka ca 2008, zitseko zinatsegulidwanso, ndipo phokoso la ana linamvekanso m'makonde a sukulu ija.

Tsono taganizani za banja limodzi mwa mabanja ambiri amene amafika kumeneko. Pali bambo, mai, mnyamata wa zaka 8, mtsikana wa zaka 5, ndi khanda limene langoyamba kukwawa. Iwo akwera sitima yoyenda pansi pa nthaka ya njira ya Marunouchi, natsika pa siteshoni ya Yotsuya-sanchome, nayenda mphindi zowerengeka m'timisewu topapatiza kufikira aona bwalo la sukulu. Mnyamata uja sakondwa konse. Iye akadakonda kutsala kunyumba ndi masewera ace a pa kompyuta, ndipo ataona nyumbayo afunsa atate ace cifukwa cace amtengera kusukulu tsiku lopuma. Bambo nayenso mtima wace uli kwina, pakuti m'thumba mwace muli foni imene imamuitana ku za nchito ngakhale tsiku la Sabata.

Atalowa, cinthu coyamba cowalandira ndi pfungo la matabwa. Cinthu caciwiri ndi anthu obvala maepuloni ofiira, amene ali m'cipinda ciriconse. Anthu amenewa ndiwo mtima wa nyumba yonse. Alipo oposa 300, ndipo amagwira nchito mongodzipereka, osalandira malipiro. Asanabvale epuloni amayamba aphunzira maseweredwe a zoseweretsa ndi macezedwe oyenera ndi ana. Ambiri a iwo ndi acikulire amene anapuma pa nchito, ndipo nchito yao si kulonda katundu koma kukhala pansi pamodzi ndi mlendo ndi kusewera naye.

Banja lija ligawikana. Mai ndi khanda apita ku cipinda ca makanda, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2011 kuti cikhale ca ana osapitirira zaka 2 pamodzi ndi makolo ao. Pansi pace ndi pa matabwa a mtengo wa sugi, umene uli wa mtundu wa mkungudza wa ku Mulanje ndipo umanunkhira bwino monga iwo. Sugi ndi mtengo wofewa, wosazizira pougwira, kotero kuti khanda likhoza kukwawa ndi kugwa osapweteka kwambiri. Zoseweretsa za m'menemo zinasemedwa mosalala, zopanda nsonga, popeza adziwa kuti khanda limayesa cinthu ciriconse ndi kamwa. Koma cipinda cimeneci cithandizanso amai. M'mzinda waukuru monga Tokyo, mai wacitsikana akhoza kukhala tsiku lonse m'tizipinda tiwiri ndi khanda lace, mwamuna ali kunchito kufikira usiku, amai ace ali kumudzi kutali, popanda mnansi wom'funsa kuti wadzuka bwanji. Pano akhala pansi pamodzi ndi amai anzace, ndipo gogo wa epuloni yofiira amnyamulira mwana kanthawi, nam'funsa za kagonedwe ndi kadyedwe kace. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mai ameneyu, amene analowa ali ndwii, ayamba kuceza ndi kuseka.

Bambo ndi ana awiri akwera makwerero nafika ku cipinda cochedwa Nkhalango ya Zoseweretsa. Pakhomo abvula nsapato, monga mwa mwambo wa ku Japan, naponda pa matabwa a mtengo wa hinoki. M'cipindamo muli dziwe lopanda madzi, lodzala ndi timipira ta mtengo 20,000. Mtsikana alowamo osacedwa, nadzikwirira miyendo, nauza atate ace kuti alowe naonso. Mwana akamayenda m'menemo timipirato timagundana ndi kulira ngati matalala pa denga la malata. Palibe batire, palibe nyale zothwanima, palibe mau ocokera m'makina. Ciriconse cimene cicitika m'cipindamo cicitika cifukwa mwana wacikankha, wacikoka kapena wacikwera. Bambo aima pambali, foni iri m'manja, maso ali pa foniyo.

Cipinda cimene banja lija licedwamo koposa ndi ca zoseweretsa zakale za Japan, cimene cinakonzedwa ngati kamsewu ka timasitolo tofiira. M'menemo muli koma, ndiyo nguli ya ku Japan, imene samaikwapula ndi cikoti koma amaikulunga ndi cingwe naiponya pansi. Muli daruma otoshi, ndito timatabwa tozungulira tosanjikizana, ndipo wosewera amenya ka pansi ndi kanyundo mwamsanga kuti kacoke popanda kugwetsa ta pamwamba. Muli otedama, timatumba ta nsaru todzala ndi nyemba, timene atsikana amaponya m'mwamba ndi kuwakha monga anzao amacitira ndi miyala pa phada. Mtsikana uja akhala pansi pafupi ndi gogo wamkazi wa epuloni yofiira, nayamba ndi kathumba kamodzi, kenaka tiwiri.

Mnyamata aona kendama. Ici ndi kamtengo kooneka ngati nyundo, kokhala ndi zikho zitatu ndi nsonga imodzi, ndipo kumangiriridwa ndi cingwe ku mpira wa mtengo wobooledwa. Wosewera akoka mpira m'mwamba nayesa kuuwakha m'cikho, ndipo amene wadziwa amaubaya pa nsonga. Maonekedwe a kendama a masiku ano anakhazikika zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo mzinda wa Hatsukaichi, pafupi ndi Hiroshima, unachuka ndi kusema kwace. M'caka ca 1975 kunakhazikitsidwa bungwe la Japan Kendama Association, limene limayesa osewera ndi kuwapatsa magiredi monga mwa luso lao. Mnyamata uja sadziwa zonsezi. Iye aganiza kuti ndi masewera a ana ang'ono. Ayesa kamodzi, mpira umgunda pa cala. Ayesa kasanu, kakhumi, osaphula kanthu. Nkhope yace icita manyazi, naika kendama pansi, nati ndi cinthu copanda pace.

Pafupi pomwepo pakhala nkhalamba ya imvi, ya epuloni yofiira, imene inali kuona zonse. Siimdzudzula mwanayo ai. Itola kendama ina, niimirira pafupi naye, niti, "Mdzukulu wanga, taona maondo angawa, usaone manja." Pamenepo ipinda maondo, niweramuka pang'onopang'ono, ndipo mpira ukwera molunjika nukhala m'cikho osamveka n'kugunda komwe. Cinsinsi ca kendama ndi cimeneco: dzanja likhala cete, maondo ndiwo akweza mpira, ndipo maondo omwewo apindikanso kuulandira kuti usadumphe.

"Agogo, citaninso ndione," atero mnyamata.

Nkhalamba icitanso kawiri, kenaka im'gwira phewa nimuongola kaimidwe. Mnyamata alephera, nalepheranso, koma tsopano akulephera pafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita nthawi mpira ukhala m'cikho cacikuru, ndipo mwanayo apfuula kuitana atate ace kuti aone. Bambo akweza maso mocedwa, cinthu citacitika kale. Nkhalamba ija siinena zambiri. Ingotenga kendama yace niipereka kwa bamboyo ndi manja awiri, niti, "Bambo, nanunso munasewerapo muli ana. Tayesani." Munthu wamkuru sakhoza kugwira kendama ndi foni nthawi imodzi, motero foni ilowa m'thumba. Bambo ayesa nalephera, ana ace aseka, ndipo mnyamata, amene wangophunzira kumene, ayamba kuphunzitsa atate ace za maondo. Kuyambira pamenepo kufikira aturuka, foni ija siionekanso.

Ici ndico cimene nyumbayi inamangidwira. Eni ace ali ndi zoseweretsa zoposa 100,000 zocokera ku maiko ambiri, ndipo kuyambira caka ca 1985 amasankha caka ndi caka zoseweretsa zabwino ndi kuzipatsa cizindikiro ca Good Toy. Koma cuma ceniceni ca nyumbayi ndi kukumana kwa anthu a misinkhu itatu, mwana, kholo ndi gogo, pa mphasa imodzi. Nkhalamba ija ikadakhala yokha kunyumba, zidzukulu zace ziri kutali kapena palibe. Pano iri ndi nchito, ndipo luso limene inaphunzira m'misewu zaka 60 zapitazo lapeza wolilandira. Phindu liri mbali zonse ziwiri.

Asanacoke, banja lija likwera ku cipinda copangira zoseweretsa. M'menemo muli makapu a mapepala, mabokosi a mkaka, mphira, ulusi ndi sizasi, ndipo ana amaphunzitsidwa kupanga coseweretsa ndi manja ao ndi kupita naco kwao. Pafupi pace pali cipinda ca masewera a pa tebulo ocokera ku maiko osiyanasiyana, kumene ana okulirapo ndi akuru amapikisana nzeru. Mtsikana aturuka ndi kanthu kace ka pepala kokhotakhota, koma akagwira mosamala kuposa cidole ciriconse cogula, cifukwa wacipanga yekha.

Omvera ena akhoza kufunsa cifukwa cace nyumbayi ikonda matabwa cotere, pamene Japan ndi dziko lodziwika ndi makina. Yankho liri m'nkhalango. Magawo awiri mwa atatu a dziko la Japan ndi nkhalango. Nkhondo yaikuru yaciwiri itatha, anthu anabzala sugi ndi hinoki m'mapiri ambiri kuti apeze matabwa omangira mizinda yao. Koma m'caka ca 1964 boma linamasula malonda a matabwa ocokera kunja, amene anali otsika mtengo, ndipo pofika caka ca 2002 matabwa a m'dziko momwemo sanafike magawo 20 mwa 100 a matabwa onse ogwiritsidwa nchito. Anthu a nchito za m'nkhalango anacepa, ndipo mitengo yobzalidwa ija inasowa woipatulira. Nkhalango yothithikana siilola dzuwa kufika pansi, udzu ndi zitsamba zimafa, ndipo mvula ikagwa nthaka imakokoloka. Kumene omvera ambiri akhala, bvuto ndi kutha kwa mitengo. Ku Japan bvuto ndi mitengo yobzalidwa imene anthu anaiiwala.

Cifukwa ca ici, ku cisumbu ca Hokkaido kunayamba m'caka ca 2004 ciphunzitso cochedwa mokuiku, ndiko kulera ana pafupi ndi mtengo, ndipo m'caka ca 2006 boma linacilowetsa m'dongosolo lace la za nkhalango. Maganizo ace ndi akuti mwana amene wakula akugwira thabwa, kulinunkhiza ndi kudziwa phiri limene linacokera, adzasamala nkhalango akadzakula, pakuti m'mera mpoyamba. Nyumba ya ku Yotsuya inakhala mtsogoleri wa nchitoyi. Kuyambira caka ca 2011, dera la Shinjuku, m'mene muli nyumbayi, linayamba kupatsa makanda obadwa kumene mphatso ya mtengo yosemedwa ndi amisiri a ku Ina, mzinda wa kumapiri a Nagano. Motero khanda la mumzinda lilandira coseweretsa, mmisiri wa kumapiri apeza nchito, ndipo nkhalango ipeza woisamala.

Citsanzo cimeneci cinafala. M'caka ca 2013 kunatsegulidwa nyumba yofanana nayo ku Kunigami, kumpoto kwa cisumbu ca Okinawa. M'caka ca 2018 kunatsegulidwa ina ku Nagato, ina ku Hanamaki m'caka ca 2020, ndi ina ku Tokushima m'caka ca 2021. Iriyonse imagwiritsa nchito mitengo ya kwao ndi amisiri a kwao, ndipo m'iriyonse muli anthu a m'deralo odzipereka kusewera ndi ana.

Kwa munthu amene angapeze mwai wofika ku Tokyo ndi ana, pali zinthu zingapo zoyenera kudziwa. Nyumbayi imatsekedwa Lacinai. Ana saloledwa kulowa okha popanda munthu wamkuru, pakuti si malo osiyako ana kuti kholo likacite zina. Nsapato zikhale zosabvuta kubvula. Kusadziwa ciyankhulo ca Cijapani sikuletsa kanthu, cifukwa nguli ndi kendama zimaphunzitsidwa ndi manja. Ndipo cacikuru ndi ici: kholo lisafulumize mwana kuti aone zipinda zonse. Mwana akakonda cinthu cimodzi, nakhala naco ora lathunthu, ulendowo wapindula kale.

Dzuwa litapendeka banja lija lituruka pa cipata ca sukulu. Khanda lagona kumbuyo kwa amace, mtsikana wanyamula kanthu kace ka pepala, ndipo mnyamata akukangana ndi atate ace za amene anawakha mpira kambiri. Nkhalamba ya epuloni yofiira yatsala m'kati, iri kale ndi mwana wina.

Omvera amene akhala m'midzi kumene anyamata amapinda magalimoto a waya, amaumba ng'ombe zadothi ndi kusema nguli, ndi kumene atsikana amasewera phada pabwalo, aganizire bwino nkhani imeneyi. Ana amenewa sasowa zoseweretsa, pakuti amapanga okha. Cimene anthu a ku Yotsuya anasonkhera ndalama ndi kuphunzitsira anthu mazana atatu ndi cakuti munthu wamkuru akhale pansi pafupi ndi mwana, aone cimene mwanayo akucita, ndi kumuonetsa cimene iye anadziwa ali wamng'ono. Gogo amene adziwa kusema nguli asadikire kufunsidwa, ndipo bambo amene mwana wace am'bweretsera galimoto ya waya aleke zimene akucita, aigwire, nafunse mmene ciwongolero cace cikugwirira nchito.